Kalata yotseguka yopempha kaundula wa asilikali ndi amtengatenga a ku Mangochi

Kwa Olemekezeka Nduna yoona za chikhalidwe, Mkulu wa asilikali a dziko lino, Mkulu woyang'anira nyumba yosunga zolembedwa zakale za boma ku Zomba, Bwanamkubwa wa boma la Mangochi, ndi inu mafumu athu a Mponda, a Makanjira, a Jalasi, a Chowe, a Nankumba, a Chimwala ndi anzanu onse,

Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa chokulemberani pagulu chonchi, pamene ulemu ukanafuna kuti ndibwere ndekha, ndikhale pansi, mawu anga adzere mwa nduna za pabwalo. Chandichititsa n'chakuti nkhaniyi ili ndi eniake ambiri, ndipo palibe mmodzi mwa inu amene angaisenze yekha. Pempho langa ndi lakuti boma lathu la Mangochi likhale ndi kaundula wa mayina a anthu ake amene anapita ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945, asilikali ndi amtengatenga (onyamula katundu wa nkhondo) omwe, wolembedwa mudzi ndi mudzi, ndiponso kuti ntchitoyi iyambe pamene anthu odziwa mayinawo adakali ndi moyo.

Aliyense wofika pa boma la Mangochi amaona nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho wa pa Shire, yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu imene inali pa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Ana a sukulu amauzidwa kuti pa 13 Ogasiti 1914 sitimayo, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ili kumtunda pa doko la Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, ndipo inaiwombera n'kuilemaza. Dzina la sitima timalidziwa, la kapitawo wake timalidziwa, tsiku timalidziwa, ngakhale mfuti yeniyeniyo tili nayo. Amene ankasonkhezera moto m'sitimamo, amene ankaidulira nkhuni m'madoko, amene ankatsitsa ndi kukweza katundu pa gombe lathu lomweli, anali anthu a m'midzi yathu, koma palibe khoma lililonse pa boma pano pamene mwana angaloze n'kunena kuti awa ndi agogo anga.

Tauni yathu, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Fort Johnston, ndiyo inali khomo la nkhondoyo kwa dziko lonse la Nyasaland. Katundu wa nkhondo ankalowa ndi mtsinje wa Zambezi kuchokera ku Chinde, n'kukwera sitima ya pamtunda mpaka ku Blantyre, kenako n'kudzera ku Zomba kufika kuno pa magalimoto ochepa amene analipo ndiponso pa mitu ya anthu, ndipo kuchokera pano sitima za pamadzi, kuphatikizapo ya mishoni ya Chauncy Maples imene boma linaitenga kuti izinyamula asilikali, zinkapita naye kumpoto, kumene nkhondo inayambira pa Karonga pa 9 Sepitembala 1914. Mu 1918, pamene mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, ndi asilikali ake anali atawolokera ku Mozambique, magulu omuthamangitsa ananyamukiranso kuno kudzera ku Namwera. Olemba mbiri amati dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pamene anthu onse a m'dziko ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Munthu akaziganizira bwino ziwerengero zimenezi amaona kuti m'boma ngati lathu, limene linali pamsewu weniweni wa nkhondo ndiponso limene Angerezi ankakonda kulembako asilikali achiyao, mbumba imene sinaperekeko mwamuna ndi yosowa.

Mbumba yathu inapereka awiri, munthu ndi mng'ono wake. Wamkulu, amene anali agogo a mayi anga, anavala yunifomu ya King's African Rifles, gulu la asilikali akuda la Angerezi, ndipo anabwerako. Wamng'ono anatengedwa ngati mtengatenga ndipo sanabwerenso; achibale anadikira nyengo zingapo za mvula, kenako anachita sadaka popanda manda oti n'kuwalozera. Za wamkuluyo tinatsala ndi mendulo imodzi m'bokosi lachitsulo, ndipo kwa zaka zambiri tinkangoiona ngati chinthu chakale choti ana asachiseweretse, mpaka tsiku limene ndinaiyang'anitsitsa m'mphepete n'kupeza kuti pali timalemba tokhomedwa: nambala, udindo, dzina ndi gulu lake. Dzina limene lili pamenepo si limene ife timawatchula nalo pakhomo. Mayi anga sanalidziwe, amalume sanalidziwe, ndipo amene analizindikira ndi gogo wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anaseka n'kunena kuti limenelo linali dzina la ku ntchito, limene ankawaitana nalo asanalowe usilikali, pamene ankagwira ntchito kwa mzungu wina. Gogoyo anamwalira chaka chotsatira. Ndikanachedwa pang'ono, mendulo ija ikanakhala ya munthu wachilendo m'nyumba mwake momwe.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndichedwepo. Mbiri ya msilikali aliyense wa kuno inang'ambika pawiri. Chidutswa china chili pa pepala: pamene munthu ankalowa usilikali, kalaliki ankalemba dzina lake, mtundu wake, boma lake, mfumu yake ndi mudzi wake, n'kumupatsa nambala, ndipo nambalayo ndi imene inkamutsata pa malipiro, m'chipatala, pa mndandanda wa olandira mamendulo, ngakhalenso pa mndandanda wa akufa. Chidutswa chinacho chili m'mitu ya anthu, ndicho chimene chimadziwa kuti munthuyo anali mwana wa yani, anakwatira kuti, anasiya ana angati, anabwerako ali wotani. Pepala palokha silingatiuze kuti msilikaliyo ndi wa mbumba iti, chifukwa mayina ngati Saidi, Juma, Ali ndi Amidu amabwerezedwa kambirimbiri m'mindandanda, ndipo kalaliki ankalemba monga mmene khutu lake lamvera, lero mwakuti, mawa mwina. Mnyamata wachiyao ankatuluka ku jando ndi dzina latsopano, wina ankalandira lina polowa Chisilamu kapena pobatizidwa, ndipo ambiri ankalembetsa ndi mayina a ku ntchito onga Sikisipensi kapena Fulaipani. Mwamuna wa pa chikamwini akafunsidwa mudzi wake ankatha kutchula wa mkazi wake. Kalaliki ankafuna dzina la bambo, pamene ife kuno mzere wathu timauwerengera kuchikazi, moti dzina la bambo limene linalembedwa likhoza kukhala limene zidzukulu za lero sizinalimvepo. Panalinso Alomwe ochokera ku Mozambique amene ankatchula mudzi wa mfumu imene yawalandira kuno. Ngakhale boma lenilenilo lasintha mayina, kuchoka pa South Nyasa, kukhala Fort Johnston, kenako Mangochi. Katswiri wa ku London sangamasule mfundo zimenezi ali pa desiki yake, koma nyakwawa ndi amayi aakulu a m'mbumba angazimasule tsiku limodzi, ngati wina atawabweretsera pepalalo n'kuwawerengera mokweza.

Mapepalawo alipo, ngakhale kuti ndi omwazika. Ku nyumba yosunga zolembedwa za boma la Britain, ku Kew, kuli mindandanda ya olandira mamendulo a nkhondo yoyamba m'chigawo chotchedwa WO 329, ndi mabuku amene gulu lililonse linkalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, a nkhondo yoyamba mu WO 95, a nkhondo yachiwiri mu WO 169 ndi WO 172. Mabuku amenewa satchula kawirikawiri dzina la msilikali wakuda, koma munthu akadziwa gulu limene agogo ake analimo amatha kulondola mapazi awo, kuti tsiku lakuti anali pa mtsinje wakuti, anayenda mtunda wakuti, anagona ndi njala. Kwathu kuno, moto umene unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba mu 1919 unawononga zolembedwa zambiri za zaka za m'mbuyo mwake, n'chifukwa chake zimene zinapulumuka n'zamtengo wapatali koposa: mabuku a mabwanamkubwa a m'maboma, makaundula a msonkho wa nyumba, makalata a pakati pa boma ndi mafumu. Palinso makaundula a ubatizo, ukwati ndi maliro a m'mamishoni monga a Anglican ku Malindi, kwa Mponda ndi ku Likoma, ndi zimene a Society of Malawi amasunga ku Mandala mu Blantyre. Mdzukulu wa msilikali wa ku Makanjira, amene ulendo wofika pa boma pokha umamudyera ndalama ya nsomba ya sabata yathunthu, sangazungulire malo onsewa, ndipo za ku Kew sangazilote n'komwe.

Za amtengatenga ndizo zowawa kwambiri. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, apolisi ankagwira anthu usiku, ndipo mwamuna akathawira kuphiri nthawi zina ankagwira mkazi wake mpaka iye adzipereke. Ankasenza katundu wa makilogalamu oposa 20 m'matope ndi m'mapiri, chakudya chili choperewera, ndipo amene anawatha si zipolopolo kwenikweni koma kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, kenako fuluwenza ya 1918 imene inabwera nkhondo ikutha n'kufalikira m'misewu yomweyo imene obwerera kwawo ankadzera. John Chilembwe anali ataziona kale zimenezi pamene mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a kuno akukafera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda owasamala. Patapita zaka zoposa 100, mu Epulo 2021, bungwe losamala manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, amene anafa mu nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndipo nduna yoona za chitetezo ya dziko la Britain, a Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Chiyambire pamenepo bungwelo lakhala likufunafuna mayina otayikawo, ndipo mu Januwale 2025 linatsegula chikumbutso ku Cape Town chokhala ndi mayina oposa 1,700 a antchito akuda a ku South Africa amene anafera nkhondo imeneyo. Kunena mosabisa, ine kupepesako sikunandikhudze kwambiri. Chimene ndinaona n'chakuti khomo latseguka, ndipo mayina amene adzalembedwe pamwala ndi a maiko amene adzabwere ndi mindandanda m'manja. Mng'ono wa agogo aja ndi mmodzi mwa anthu owerengedwa m'lipotilo, ndipo dzina lake ife tili nalo, kungoti palibe amene anabwera kudzatifunsa.

Nkhondo yachiwiri ili pafupi ndi ife, koma ili ndi msampha wakewake. Asilikali athu anamenya nkhondo ku Moyale m'malire a Kenya ndi ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia (Ethiopia) mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ikukhuthuka mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Ena anapitanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Komatu mamendulo a nkhondo imeneyi, monga Africa Star ndi Burma Star, ankaperekedwa opanda dzina kapena nambala, kotero banja limene lili ndi mendulo yokha lilibe chogwirira. Chofunika ndi chitupa chotulukira usilikali kapena kabuku ka malipiro, mmene muli nambala, imene kwa ambiri a kuno imayamba ndi zilembo DN. Zitupa zimenezi zili m'madenga, m'mabokosi ndi m'zikwama za nsalu, chiswe ndi madzi osefukira a chaka ndi chaka zikuzidya. Mnyamata amene analowa usilikali mu 1945 ali ndi zaka 18 anabadwa mu 1927, choncho amene atsala ndi owerengeka pa zala, ndipo akazi awo amasiye ndi ana awo oyamba nawonso akupita. Anthu amenewa ndi amene angatiuze zimene pepala silinena, monga za ndalama yothokoza imene msilikali wakuda analandira mashereni atatu ndi theka pa mwezi uliwonse umene anatumikira pamene mzungu wa udindo wofanana ankalandira mashereni 10, za njinga ndi makina osokera amene ena anagula nayo, ndi za ena amene anabwerako osayankhula, akudzidzimuka usiku mpaka imfa yawo.

Ntchito yotereyi inayesedwapo ndipo inatheka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mphunzitsi wa mbiri Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a pa Chancellor College, anayenda m'midzi kufunsa okalamba amene anaona nkhondo imene iwo ankaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti yolira motsatizana ija, ndipo zambiri zimene tikudziwa lero za amtengatenga zinachokera m'kamwa mwa okalamba amenewo. Akanachedwa zaka 15 akanapeza manda okhaokha. Ifenso kuno tili ndi umboni wina umene timauvina osauzindikira, gule wa beni, amene mayunifomu ake, maudindo ake ndi kaguba kake zinachokera ku perete wa asilikali, ndipo m'nyimbo zake zakale muli mayina a malo amene oimba a lero sadziwa kuti ali kuti.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti nkhondozi zinali za atsamunda, kuti asilikali omwewa ndi amene anatumidwa kukazimitsa kuukira kwa Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo kuti dziko losowa mankhwala m'zipatala lisataye ndalama pa mayina a akufa. Mawu amenewa ali ndi nzeru ndipo sindikuwapeputsa. Komatu kaundula amene ndikupemphayu si wotamanda ufumu wa Angerezi. Ndi wolemba zimene ufumuwo unatenga m'midzi yathu, munthu ndi munthu, ndipo zoipa zimene asilikali athu anatumidwa kuchita ziyenera kulembedwamo pamodzi ndi zabwino. Za ndalama, sindikupempha chipilala china. Zipilala tili nazo ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo mwezi wa Novembala uliwonse timaikapo nkhata za maluwa, lipenga n'kulira, osatchula dzina ngakhale limodzi la munthu wa kwa Chimwala kapena kwa Katuli.

Kwa inu Mkulu wa asilikali, pempho langa ndi lakuti makaundula akale a King's African Rifles amene gulu lanu linalandira ngati cholowa, kulikonse kumene akusungidwa, awerengedwe, ajambulidwe ndi kuikidwa pa kompyuta, ndipo banja lobwera ndi nambala lizidziwa khomo logogoda ndi nthawi imene lidikire yankho. Bungwe la asilikali opuma, limene limasamala okalamba a ku Memorial Homes ku Zomba, lili ndi mindandanda yake imene ingakhale poyambira. Kwa inu Nduna ndi inu Mkulu wa zolembedwa zakale, ndikupempha kuti mulembere boma la Britain ndi bungwe la manda lija kupempha zithunzi za mapepala onse okhudza asilikali ndi amtengatenga a Nyasaland, kwaulere, popeza amene anapepesa pagulu sangakane kubweza mayina. Ndipo zikafika, zokhudza boma lino zisindikizidwe pa pepala n'kuikidwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Lake Malawi Museum pa boma pompano, chifukwa intaneti siinafike m'manja mwa agogo amene tikuwafunawo.

Mbali yaikulu ndi yanu, mafumu athu, pamodzi ndi Bwanamkubwa. Inu mukalamula kuti nyakwawa iliyonse iitanitse mbumba zake tsiku limodzi, aliyense abwere ndi mendulo, chitupa, chithunzi kapena dzina lokha, anthu adzabwera, monga amabwerera pa kalembera wina aliyense. Zinthuzo zijambulidwe pomwepo eniake akuona ndi kubwezedwa m'manja mwawo tsiku lomwelo, pakuti anthu ali ndi chifukwa choopera kuti chawo chikapita ku ofesi sichibwerera. Anenedwenso momveka kuyambira pachiyambi kuti kalemberayu si wa chipukutamisozi kapena wa thandizo lililonse, kuopa kuti mayina opeka angachuluke kuposa enieni. Olemba akhale ophunzira a sekondale a m'dera lomwelo ndi aphunzitsi awo a mbiri, odziwa Chiyao ndi Chichewa, ndipo mashehe ndi abusa athandize ndi mabuku awo. Pa munthu aliyense palembedwe mayina ake onse, la kubadwa, la ku jando, la chipembedzo ndi la ku ntchito, dzina la mayi ake ndi la mwinimbumba, mudzi wobadwira ndi mudzi wokwatirako, ndiponso dzina la amene wapereka umboniwo, kuti wobwera m'mbuyo adzathe kusiyanitsa chimene chinaonedwa pa pepala ndi chimene chinamveka pakamwa. Amayi afunsidwe paokha ndipo asafulumizidwe, chifukwa m'mbumba zathu mayina amasungidwa ndi iwo.

Sindikupempha kuti muyambe ndi boma lonse. Sankhani dera la mfumu imodzi, m'chilimwe chimodzi misewu ili youma, muone chimene chitulukepo. Ngati mungavomere kuyambira kwathu, ine ndidzakhala woyamba pamzere, ndi mendulo ija m'thumba, ndi mayina awiri: la amene anabwerako, limene linakhomedwa pa mendulo, ndi la mng'ono wake, limene mpaka lero silinalembedwepo pa pepala lililonse.

Ine wanu modzichepetsa,
Mdzukulutuvi wa msilikali wa King's African Rifles,
Mangochi.